Kunthambi: tchalitchi chimene midzi imadzimangira yokha

Munthu akatchula mpingo wa Katolika m'chigawo chapakati, ambiri timaganiza za nyumba zikuluzikulu za pamishoni: Mua m'tsinde mwa mapiri a Dedza, Bembeke kozizira kuja, Likuni kufupi ndi mzinda wa Lilongwe. Koma Akhristu ochuluka a m'maparishi amenewa sapemphera pamishoni. Lamulungu lawo limathera m'katchalitchi ka njerwa kamene kanaima pakati pa minda, kopanda nsanja, kopanda magetsi, kamene kamasonkhanitsa midzi ing'onoing'ono yozungulira. Akatolika amati kumeneko ndi kunthambi. A CCAP nawo ali ndi nyumba zopemphereramo zimene zili pansi pa mpingo waukulu komwe kumakhala abusa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi, ndipo pafupifupi 17 mwa 100 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP. Ndiye kuti wofuna kudziwa mmene mpingo ulili m'dziko muno asayambire ku kathidulo, ayambire kunthambi.

Dongosolo lake lili motere. Dziko lonse linagawidwa m'madayosizi 8, ndipo wotsiriza kukhazikitsidwa ndi wa Karonga mu 2010. Dayosizi ili ndi maparishi, parishi iliyonse ili ndi bambo mfumu ndipo mwina wansembe wina mmodzi kapena awiri omuthandiza. Pansi pa parishi pali nthambi, zina zoyandikira, zina zoti njinga yamoto iyende maola. Pansi pa nthambi pali magulu a mabanja oyandikana amene amapemphera m'makomo pakati pa sabata. M'madera ena amatchedwa miphakati, kwina amati malimana. Papepala zimaoneka ngati zonse zimatsika kuchokera kwa ambuye episkopi. Mukakhala kumudzi mumaona kuti zambiri zimakwera kuchokera pansi: njerwa, chimanga, ndalama, ana opita ku seminale, ngakhale chikhulupiriro chenichenicho.

Matchalitchi amenewa sanayambe ngati matchalitchi. Ambiri anayamba ngati sukulu. A mishoni ya Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, komanso ansembe a chipani cha White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Likuni ndi Kachebere mu 1903, onse anazindikira msanga kuti mzungu mmodzi sangayende midzi yonse. Njira inali yophunzitsa anyamata pamishoni ndi kuwatumiza kumidzi. Mnyamata wotere ankapempha malo kwa mfumu, anthu n'kudula mitengo, kumata dothi, kufolera udzu. Pakati pa sabata m'nyumbamo ankaphunzitsamo a e i o u ndi katekisimu, Lamulungu ankatsogoleramo mapemphero. Mphunzitsi ndi katekisi anali munthu mmodzi. Panali mpikisano woopsa pakati pa Adatchi ndi Aroma, monga anthu ankawatchulira, chifukwa mudzi umene walandira sukulu ya mpingo wina unkakhala wa mpingo umenewo kwa mibadwo. Mpaka lero mukhoza kuyenda m'dera limodzi n'kupeza kuti tsidya lino la mtsinje onse ndi Akatolika, tsidya linalo onse ndi a Nkhoma Sinodi, ndipo chifukwa chake si kusiyana kwa ziphunzitso ayi, koma kuti agogo a mfumu analola mphunzitsi uti kumanga kaye.

Kanyumba ka udzu kameneka sikanali kanthu kochepa m'maso mwa olamulira. Kummwera, pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone sankalola kuti anthu a John Chilembwe amange nyumba zopemphereramo, ndipo zimene anamanga zinkatenthedwa. Ichi chinali chimodzi mwa zimene zinautsa mkwiyo umene unaphulika pa 23 January 1915. Eni minda ankadziwa kuti pamene anthu osauka akusonkhana okha, kuwerenga okha, kusankha atsogoleri awo, pamabadwa chinthu chimene thangata sangachigwire.

M'chigawo chapakati mkangano waukulu unali ndi Nyau. Sukulu ya mishoni inkafuna anyamata omwewo amene dambwe linkafuna, ndipo m'zaka za m'ma 1920 kudera la Mua ndi kwina kunali kulimbana koonekeratu: ana kuletsedwa kupita kusukulu, Akhristu kuletsedwa kuonerera gule, milandu kukafika kwa bwanamkubwa wa boma. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Ku Mua komweko Bambo Claude Boucher Chisale, wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene zigoba za Gule Wamkulu zimasungidwa ndi kufotokozedwa mwaulemu, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira guleyu ngati chuma cha anthu onse. Komabe tisanamizane kuti nkhaniyo inatha. Kunthambi funso lakuti Mkhristu angalowe kudambwe kapena ayi likadali lamoyo, ndipo limatulukira poyera tsiku la maliro.

Kusintha kwakukulu kwa mmene nthambi imayendera kunadza ndi munthu wobadwira ku Mua, Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Dera lomwelo linali litatulutsa kale Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wachimalawi mu 1937, amenenso anadzakhala episkopi woyamba wachimalawi ku Dedza. Kalilombe anaona chimene aliyense ankachiona koma osachinena: ansembe ndi ochepa, ambiri ndi ochokera kunja, ndalama nazo n'zochokera kunja, ndipo tsiku lina zonsezi zidzachepa. Pakati pa 1973 ndi 1975 anachititsa sinodi ya dayosizi imene inafunsa maganizo mpaka kumidzi, ndipo mfundo yake inali yakuti mpingo ukhale wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira. Maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana mu 1973 ndi kutsimikizanso mu 1976 kuti timagulu ta Akhristu oyandikana tikhale maziko a mpingo. Boma la chipani chimodzi silinakondwere. Linaona ngati miphakati ikupikisana ndi nthambi za Malawi Congress Party, chifukwa m'mudzi simunkayenera kukhala msonkhano wina wosadziwika ndi tcheyamani wa chipani. Kalilombe anachoka m'dziko mu 1976 ndipo anatula pansi udindo mu 1979. Miphakati inatsala, ndipo lero palibe parishi imene ingayende popanda iyo.

Tsono Lamulungu la kunthambi limayenda bwanji? Belu nthawi zambiri ndi limu yakale ya galimoto yopachika pamtengo wa mango, ndipo mnyamata amaimenya ndi chitsulo katatu mosiyanitsa nthawi: loyamba lodzutsa a kumidzi yakutali, lachiwiri loti nyamukani, lachitatu loti tayamba. Anthu amatulukira m'tinjira ta m'minda, amayi atanyamula nsapato m'manja kuti adzavale pafupi ndi khomo akasambitsa mapazi pamjigo. M'kati mipando ndi mizere ya njerwa yoikidwa simenti pamwamba, penapake yongozira ndi dothi. Abambo mbali ina, amayi mbali ina, ana kutsogolo pamkeka, ndipo pamakhala mayi mmodzi wokhala ndi kamtengo woyang'anira kuti asasokose. Kwaya ili ndi ng'oma ziwiri ndi visekese. Amene amaima kutsogolo si wansembe. Ndi katekisi kapena mtsogoleri wa mapemphero, mlimi ngati anzake, amene dzulo anali kudimba. Amatsogolera kulapa machimo, kuwerenga koyamba, salimo, Uthenga Wabwino, n'kulalika. Pafika chopereka, anthu amayenda mwa miphakati, mphakati uliwonse ndi mbale yake, ndipo mlembi amawerenga poyera zimene gulu lililonse lapereka. Misa palibe, popeza palibe wodalitsa mkate ndi vinyo. Kumene kuli mtumiki wa Ukaristia ndi malo osungira, anthu amalandira. Kwina amangopemphera pemphero lolakalaka kulandira, n'kumva zolengeza, zimene nthawi zina zimatalika kuposa ulaliki, chifukwa m'menemo ndi mmene mumamveka za sikelo ya ana, za katemera, za tsiku loumba njerwa ndi za amene wagonekedwa kuchipatala.

Tsiku limene bambo afika limakhala lina. Amafika kamodzi pa mwezi kumene zili bwino, kwina patapita miyezi, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje yotsika m'mapiri ikadzaza ulendo umalephereka ngakhale unalengezedwa. Akafika, ntchito ya miyezi yonse imaunjikana m'tsiku limodzi. Mzere wa olapa umayambira pansi pa mtengo Misa isanayambe, makanda obatizidwa amakhala ambirimbiri, maukwati angapo amadalitsidwa pamodzi, kenaka bambo amakwera njinga kukadzoza nkhalamba zimene sizingayende. Mphakati umene uli pa ntchito mwezi umenewo umapha nkhuku, umasonkha ya mafuta. Wansembe amachoka dzuwa litapendeka, ndipo amene amatsala ndi mavuto onse a mabanja, a akatekumeni, a achinyamata, ndi katekisi uja.

Za katekisi ndiyenera kunena mosabisa. Munthu ameneyu ndiye amaphunzitsa ana a Ukaristia woyamba ndi a ulimbitso, amakonzekeretsa ofuna ukwati, amaika maliro, amayanjanitsa okangana, amalemba mayina m'kaundula, amapalasa njinga kupita kuparishi ndi malipoti. Ena anaphunzira kusukulu za makatekisi, ena anangophunzira poona anzawo. Chimene amalandira n'chochepa kwambiri, ndipo ambiri ndi ongodzipereka. Tikamanyadira kuti mpingo wa m'Malawi ndi wodzitumikira, tizikumbukira kuti katundu ameneyu wasenzedwa ndi anthu amene munda wawo umachedwa kupaliridwa chifukwa anali kumaliro a mudzi wina.

Ubale wa tchalitchi ndi midzi yozungulira ndi wovuta kuposa mmene umaonekera. Choyamba ndi malo. Pafupifupi nthambi iliyonse inamangidwa pa malo operekedwa ndi mfumu pakamwa, pamaso pa mboni zimene zambiri zinamwalira. Kale malo anali ambiri ndipo palibe ankawerenga mapazi. Lero adzukulu a mwini munda amabwera n'kunena kuti agogo anangobwereketsa, kapena amalima mizere iwiri chaka chino, itatu chaka chamawa, mpaka chimanga chifike pakhonde la tchalitchi. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo otere, koma kulembetsa kumafuna ndalama ndi maulendo a kuboma, zimene komiti ya kunthambi siziona ngati zofulumira kufikira mlandu utabuka.

Kenaka pali funso lakuti tchalitchi chimangidwe m'mudzi wa yani. Midzi ya Achewa imagawikana kawirikawiri: mbumba ikakula kapena akakangana pa ufumu, ena amasamuka pang'ono n'kukhala ndi nyakwawa yawo. Miphakati imatsata malire omwewo, ndipo mkangano wa ufumu umalowa m'tchalitchi osagogoda. Mudzi umene uli ndi tchalitchi umaoneka wapamwamba, popeza sukulu ya mkaka, mjigo ndi alendo a mabungwe zimakonda kufikira pomwepo. A kumudzi wakutali amadandaula kuti amaumba njerwa zofanana koma amayenda mtunda wautali, ndipo akachuluka amayamba kupempha nthambi yawoyawo. Umu ndi mmene nthambi zambiri zatsopano zimabadwira: theka chifukwa cha kukula kwa mpingo, theka chifukwa cha kusamvana. Dzina la woyera mtima, Yosefe kapena Tereza, limathandiza kuti nyumbayo isatchedwe ndi dzina la mfumu imodzi, ngakhale anthu pocheza amatchulabe dzina la mudzi.

Pali china chimene olemba za mpingo sachiona msanga. Kumene anthu amatsata chikamwini, mwamuna ndi mlendo m'mudzi wa mkazi wake. Banja likatha amanyamuka, ndipo ngati anali tcheyamani wa tchalitchi, udindo umatsala pabwalo. Enanso amapita ku Joni kapena ku esiteti ya fodya n'kukhala zaka. Amene sachoka ndi amayi. Iwo ndiwo amadziwa kuti ndani akudwala, ndani wasiya kupemphera, mwana uti sanabatizidwe. Iwo ndiwo amatunga madzi oumbira njerwa, amazira pansi, amasesa, amagona pa siwa. Ku Nkhoma Sinodi bungwe la Chigwirizano linayamba mu 1940, ku Blantyre Sinodi kuli Mvano, ku Livingstonia kuli Umanyano, ndipo kwa Akatolika kuli bungwe la Amayi Akatolika ndi la Legio ya Maria. Mukachotsa amayi amenewa, nthambi zambiri zingatsekedwe mwezi usanathe. N'zomvetsa chisoni kuti posankha komiti, mpando wa tcheyamani umapitabe kwa bambo ndipo mayi amapatsidwa usungichuma chifukwa choti "amayi sadya ndalama".

Ndalamazo nazo zili ndi nkhani yake. Mkhristu aliyense wamkulu amayenera kupereka mtulo wa pachaka, ndipo zimalembedwa pakhadi. Pali chopereka cha Lamulungu, pali masika pamene anthu akolola ndipo amabweretsa chimanga, mtedza, nyemba, pali zopereka za seminale, za dayosizi, za chitukuko cha parishi, ndi mapepa Sande omangira. Gawo lalikulu limapita kuparishi, chifukwa ansembe ayenera kudya, galimoto iyenera kuyenda. Zimenezi n'zomveka, ndipo ndi tanthauzo la kudzidalira kumene Kalilombe ankanena. Chovuta n'chakuti mlimi amapeza ndalama kamodzi pachaka, pamene zopempha zimabwera mwezi uliwonse, ngakhale mu February pamene m'nkhokwe mulibe kanthu. Ndipo kawirikawiri lipoti la mmene ndalama zayendera silibwerera kunthambi momveka. Anthu amene amawerengerana poyera makwacha a mbale ya mphakati ali ndi ufulu womva poyeranso za matumba a chimanga amene anakwera ngolo kupita kumishoni.

Kumanga tchalitchi chenichenicho kumatenga zaka. Chilimwe china amaumba njerwa, mphakati uliwonse ndi chiwerengero chake. Kuwotcha uvuni kumafuna nkhuni zambiri, ndipo m'madera ambiri mitengo inatha, moti nkhuni zimagulidwa. Chaka china amakweza khoma mpaka pawindo, ndalama n'kutha, mvula n'kugwa pa khoma losafolera. Malata ndiwo amavuta koposa, ndipo apa ndi pamene andale amalowera chaka cha chisankho ndi malonjezo a mabandulo a malata. Ena amaperekadi. Koma tchalitchi chofoleredwa ndi phungu chimavutika kudzudzula phunguyo, ndipo akuluakulu a nthambi amadziwa zimenezi ngakhale akulandira ndi nthungululu.

Pamaliro ndi pamene zonse zimakumana. Manda ndi a mfumu, okumba ndi adzukulu, mwambo wa mapemphero ndi wa mpingo. Uthenga umayamba kwa mfumu, kenaka kwa atsogoleri a mphakati. Ngati womwalirayo anali Mkhristu wokhazikika, kwaya imagona pomwepo kuimba usiku wonse, amayi a bungwe amavala yunifolomu, katekisi amatsogolera mpaka kumanda. Ngati anali wa kudambwe, gule amatuluka ndipo a mpingo amakhala patali. Koma anthu ambiri sali mbali imodzi yokha: bambo anabatizidwa ali mwana, anavinidwa ali mnyamata, anakwatira mitala, ndipo chakumapeto anayambanso kupemphera. Apa akuluakulu amakhala pansi m'mawa kukambirana kuti maliro ayenda bwanji, ndipo zimene agwirizana zimakumbukika zaka zambiri. Chimene chimawawa koposa ndi pamene komiti yatsegula kaundula n'kupeza kuti khadi la mtulo lili ndi mipata, n'kunena kuti mpingo suimba. Ndikumvetsa mantha awo, akuti tikalekerera palibe adzapereke. Koma mayi amene wasesa tchalitchi moyo wake wonse sayenera kuikidwa mwakachetechete chifukwa cha ngongole ya zaka ziwiri za njala. Mabanja ambiri amene anasamukira ku mipingo ina anachoka tsiku lotere, osati chifukwa cha ulaliki wa wina.

Mphamvu ya timatchalitchi timeneti inaonekera dziko lonse pa 8 March 1992. Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kupanda chilungamo, umphawi ndi kutsekedwa pakamwa inawerengedwa m'matchalitchi tsiku limodzi m'dziko lonse. Wailesi inali imodzi, ya boma, ndipo nyuzipepala sizikanayerekeza kusindikiza mawu otere. Kalatayo inafika kumidzi kudzera m'njira yomwe ija ya parishi, nthambi, mphakati, ndipo kumene kunalibe wansembe anaiwerenga ndi makatekisi ndi atsogoleri wamba, anthu opanda chitetezo chilichonse, oti a Payoniya ankawadziwa ndi nyumba zomwe. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira ndipo kupezeka nayo unali mlandu, koma inali itamveka kale. Pa 14 June 1993 anthu anavotera zipani zambiri. Timakumbukira mayina a maepiskopi, ndipo n'koyenera, koma amene anaimirira kutsogolo kwa anansi awo ndi pepala lija m'manja sanalembedwe paliponse.

Masiku ano nthambi ili ndi opikisana nawo ambiri. M'mudzi umene kale munali mpingo umodzi, lero muli Assemblies of God, Seventh-day Adventist, Mboni za Yehova, African Abraham, Ziyoni, ndi mautumiki atsopano opempherera m'kalasi ya sukulu, amene m'busa wake amakhala m'mudzi momwemo ndipo amafika kwa wodwala usiku womwewo. Wansembe wokhala pamtunda wa maola sangapikisane naye pa zimenezo. Amene angathe ndi mphakati, ngati uli wamoyo. Achinyamata ophunzira amapita kutauni, ndipo kwaya imasintha nkhope chaka chilichonse. Komabe nyumbayo ikadali yofunika kwa onse, opemphera ndi osapemphera. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba kummwera mu March 2023, anthu ambiri anathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi, chifukwa m'midzi yambiri ndizo nyumba zokha za njerwa zowotcha ndi malata zotha kulandira khamu.

Loto la nthambi iliyonse yaikulu ndi kudzakhala parishi. Kuti zitheke pamafunika Akhristu okwanira, tchalitchi chokulirapo, nyumba ya ansembe yomangidwa ndi anthu eni ake, ndi umboni woti angathe kudyetsa wansembe chaka chonse. Episkopi akavomera, midzi imene inkaona Misa kamodzikamodzi imayamba kuiona sabata iliyonse, ndipo timidzi takutali timene tinkayenda kudzapemphera pamenepo timayamba kuumba njerwa zomangira nthambi zawo pansi pa parishi yatsopanoyo.